Gitala Ikamalira Yokha

Anthu amene anavina m'maholo a ku Blantyre ndi ku Limbe m'zaka za m'ma 1970 amakumbukira nyimbo, oimba ndi zovala zawo. Ife amene tinkakhala kuseri kwa masipika timakumbukira phokoso lina, limene linkayamba nyimbo isanayambe n'kutsala nyimbo itatha. Ukayatsa ampulifaya, mavalavu n'kufunda, m'holo monse munkadzaza kung'ung'uza kwa pansipansi, kosapuma. Ng'oma zikagunda, ovina sankakumvanso. Koma woimba besi ankakumva, chifukwa kunkamusowetsa mtendere pa malo amodzi: akadina nsambo yaikulu pa fureti yachitatu, pa G, mawu ake ankayamba kugwedera, kukula ndi kuchepa pafupifupi kamodzi pa sekondi, chala chili phee.

Chifukwa chake n'chosavuta. Magetsi a m'dziko muno, monga a ku Britain, ku Zambia ndi ku South Africa, amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi. G wa pansi pa besi yotchunidwa bwino amanjenjemera maulendo 49. Mawu awiri oyandikana chotere akakumana amalimbana, ndipo khutu limamva kusiyana kwawoko. Ku America magetsi ndi a 60, choncho kung'ung'uza kwa kumeneko kumagwera pakati pa B flat ndi B. Kwathu kuno kunagwera pafupi ndi G, pamene oimba ambiri amene ndinkawadziwa ankakonda kuikapo nyimbo zawo.

Ndinayamba kuphunzira kukonza mawailesi m'kashopu kena ku Limbe, ndalama ya kwacha itangoyamba kumene mu 1971. Magetsi a ku Nkula anali atayamba mu 1966, a ku Tedzani anawonjezerapo mu 1973, ndipo mahotela, mabala ndi maholo ankafuna mabandi a magitala amagetsi. Pa wailesi pankamveka MBC Band, kenako Likhubula River Dance Band ya Robert Fumulani, Kalimba, Makasu, ndi Alleluya Band ya ku Balaka imene inayamba mu 1978. Kumbuyo kwa mayina odziwikawo kunali timagulu tambirimbiri ta ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa, timene sitinajambulepo nyimbo ndi imodzi yomwe. Zida zawo zinali zosonkhasonkha: gitala yobwera ndi mbale wochokera ku Joni, ampulifaya yogula kwa mzungu wobwerera kwawo, sipika ya ku mishoni. Zikavuta ankabwera nazo kwa ife okonza mawailesi, poti valavu ndi valavu.

Mmisiri amene anandiphunzitsa ntchito anali bambo wosalankhulalankhula. Woimba akafika atasenza ampulifaya n'kunena kuti, "Madala, ikulira yokha iyi," iwo sankathamangira sikuludilaiva. Ankaiika pa tebulo, kuiyatsa, n'kukhala pansi. "Achimwene, zulani kaye gitalayo," ankatero. Phokoso likatha, ankadziwa kuti mlandu uli ku gitala kapena ku chingwe. Likatsala, ankatsitsa voliyumu mpaka pansi. Likatha pamenepo, ndiye kuti likulowera kutsogolo, pa valavu yoyamba. Likakanirirabe voliyumu ili pansi, ndiye kuti lili kumbuyo, mbali ya magetsi odyetsa ampulifaya. Mafunso awiri okhawo ankadula ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo mpaka lero sindinapeze njira yoposa imeneyo.

Anandiphunzitsanso kuti maphokosowa si amodzi. Pali kung'ung'uza kwakuya kwa 50, kumene umakumva m'chifuwa kuposa m'khutu. Pali kwina kokwererapo, kwa 100, kumene kumafanana ndi G wa pa nsambo yaikulu ya gitala wamba, yemwe ndi 98. Kwa 100 kumabadwira m'kati mwa ampulifaya momwemo. Magetsi a pakhoma akawongoledwa kuti aziyenda mbali imodzi amatuluka ali ndi mabampu 100 pa sekondi, ndipo ntchito ya makapasita akuluakulu ndi kusalaza mabampuwo. Makapasita amauma akakalamba, ndipo kutentha kwa October m'chipinda cha malata kunkawakalambitsa msanga. Ukasintha kapasita, phokoso lija linkatheratu nthawi yomweyo, mwini wake n'kumakuyang'ana ngati wachita zamatsenga. Ntchito imeneyi inali yophweka koma yoopsa. M'kati mwa ampulifaya ya mavalavu mumakhala mavolti opitirira 400, ndipo makapasita amawasunga ngakhale utazula pulagi. Lamulo la m'shopu linali lakuti ukapisa dzanja limodzi m'kati, linalo likhale m'thumba, kuti magetsi asapeze njira yodutsa pamtima.

Chimene chinkativuta kwambiri chinali gitala yeniyeniyo. Pansi pa nsambo pamakhala kachipangizo kotola mawu, pickup. Ukakatsegula umapeza timaginito, ndipo mozungulira timaginitoto akulungamo waya wa kopa woonda kwambiri, wosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Pa Fender Stratocaster wayayo amazungulira maulendo pafupifupi 8,000, ndipo utamutambasula angakwane pafupifupi kilomita yathunthu. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera imasuntha mphamvu ya maginito, m'wayamo n'kubadwa timagetsi tochepa tosakwana volti imodzi. Timeneti n'timene ampulifaya imakuza. Nzeru imeneyi ndi ya kale: George Beauchamp anaiika pa gitala ya Rickenbacker kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ndipo Leo Fender anaifalitsa ndi Telecaster komanso Stratocaster ya mu 1954.

Vuto n'lakuti koyilo ya waya sidziwa kusankha. Imatola kunjenjemera kwa nsambo, imatolanso mphamvu ya maginito yotuluka m'chilichonse chodya magetsi: thiransifoma ya ampulifaya, mota ya firiji ya m'bala, choki cha getsi la chubu, mawaya oyenda m'denga. Maampulifaya ena a ku America ankafuna mavolti 110, choncho ankayenda ndi thiransifoma yapadera yotsitsa magetsi athu a 230, ndipo oimba ankakonda kuiika pansi pafupi ndi phazi lawo, pomwe gitala ikuitola bwino. Kungoikankhira kutali mamita awiri kunkachotsa phokoso lambiri kuposa zonse zimene tikanachita ndi chowotcherera.

Oimba akale anatulukira okha njira ina. Mphamvu ya maginito imabwera kuchokera mbali inayake, ndipo ukatembenuza gitala pang'onopang'ono umapeza pamene koyilo siitola. Ndikukumbukira woimba lidi wina wa ku Ndirande amene ankati akakwera pa siteji, asanakhudze nsambo, ankazungulira pang'onopang'ono atapendeketsa mutu, mpaka atapeza pamene gitala yakhala chete. Pamenepo ankaimapo usiku wonse, nthawi zina atapereka phewa kwa anthu. Ovina ankati ndi matama. Ine ndinkadziwa kuti munthuyo akumvetsera bwino kuposa tonse amene tinali m'holomo, ndipo ndinkamulemekeza pa chimenecho.

Mankhwala a vutoli analipo kale kutsidya kwa nyanja. Mu 1955 Seth Lover, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Gibson ku Kalamazoo, analembetsa pickup ya makoyilo awiri yotchedwa humbucker, ndipo inayamba kuoneka pa magitala a Les Paul mu 1957. Pa nthawi yomweyo Ray Butts anapanga yake yofanana nayo, Filter'Tron, ya magitala a Gretsch. Koyilo yachiwiri amailumikiza mobwerera, ndipo maginito ake amawatembenuzanso. Phokoso la kunja limafika pa makoyilo onse awiri mofanana, ndiye poti koyilo ina ndi yobwerera, limadzifafaniza lokha. Mawu a nsambo amadalira maginito a pickup, ndipo poti maginitowo atembenuzidwanso, mawuwo amaphatikizana m'malo mofafanizana. Ndi nzeru yokongola, ndipo tsiku limene abwana anga anandijambulira pa katoni ya ndudu sindinagone msanga.

Koma anyamata athu ambiri sankaifuna, ngakhale amene akanatha kuipeza. Humbucker imatulutsa mawu onenepa, ofunda, ndipo imadya pang'ono kuthwa kwa pamwamba. Nthawi imeneyo makutu onse anali ku Zaire, kwa Franco ndi Docteur Nico, ndipo aliyense ankafuna gitala yolira mowala, notsi iliyonse payokhapayokha. Mawu otero ankawapeza pa koyilo imodzi, pamodzi ndi kung'ung'uza kwake. Ine ndimati ankasankha bwino. Nyimbo yovinira imafuna lidi yodutsa pamwamba pa ng'oma ndi phokoso la anthu, ndipo kung'ung'uza kunkabisika nyimbo ikayamba. Chimene woimba wanzeru ankachita ndi kutsitsa voliyumu ya pa gitala ndi kachala kakang'ono nyimbo ikangotha. Amene ankatsanzira anyamata a ku Zambia, a WITCH ndi Paul Ngozi, n'kugula kabokosi ka fuzz, ndiwo ankavutika zedi, chifukwa fuzz imakuza chilichonse, ndipo woimba akangosiya nsambo holo inkabangula.

Pa Stratocaster panali chinyengo china. Switchi yake yakale inali ya malo atatu, koma oimba ankaiimika pakati pa malo awiri n'kuitsekera ndi kamtengo ka machesi kuti ma pickup awiri alire limodzi. Fender inadzavomereza mu 1977 n'kuika switchi ya malo asanu. Pa magitala a pambuyo pake, pickup ya pakati inadzakhala yobwerera koyilo ndi maginito omwe, kotero kuti pa malo awiri apakatiwo gitala imakhala chete ngati humbucker.

Pali phokoso lina limene anthu amalisokoneza ndi loyamba lija, pomwe gwero lake ndi lina. Ili ndi lokalipa, la zzzz, ndipo limachepa ukagwira nsambo. Silibwera ndi maginito. Limadumphira pa mawaya osaphimbidwa kuchokera ku magetsi a m'makoma, ndipo thupi la munthu limalitola n'kulibweretsa pafupi ndi gitala. Pa maphokoso awiriwa, ili ndilo linkamva mankhwala athu a kushopu. Tinkatola mapepala onyezimira a m'mapaketi a ndudu, kuwamata m'bowo la mawaya ndi kuseri kwa pulasitiki ya pamwamba, n'kuonetsetsa kuti onse akukhudzana ndipo alumikizidwa ku ethi (mbali yopita ku nthaka) ya jeki, polowera chingwe. Pepala limodzi likangotsala losalumikizidwa, ntchito yonse yapita pachabe. Tinkasinthanso zingwe. Chingwe chenicheni cha gitala chimakhala ndi waya mmodzi pakati ndi ukonde wa kopa womuzungulira, koma anyamata osowa ndalama ankalumikiza waya wa nyale, wa mizere iwiri, ndipo waya wotero ankatola chilichonse cha mumlengalenga. Ndinkamva chisoni kuuza munthu amene wasenza ampulifaya kuchokera ku Bangwe wapansi kuti ampulifayayo ilibe vuto, chofunika ndi chingwe chimene ndalama yake alibe. Kawirikawiri abwana anga ankadula chidutswa pa mpukutu wa m'shopu n'kumuuza kuti, "Mudzalipira mukadzaimba ku ukwati."

Apa pali nkhani imene ndimafuna kuti aliyense wogwira gitala yamagetsi aimve bwino. Phokoso limachepa ukagwira nsambo chifukwa m'kati mwa gitala muli kawaya kochokera ku chitsulo chogwira nsambo kupita ku ethi ya jeki. Kuchokera pa jeki, ethiyo imayenda m'chingwe mpaka ku chitsulo cha thupi la ampulifaya. Kutanthauza kuti woimba akagwira nsambo, wagwira chitsulo cha ampulifaya ndi manja ake a thukuta. Ngati chitsulocho chalumikizidwa bwino ku nthaka kudzera pa dzino lachitatu la pulagi, palibe choopsa. Waya wa moto akakhudza chitsulo, fyuzi imapsa, nkhani yatha. Koma ngati dzino lachitatulo palibe, chitsulocho chimangokhala ndi moto kudikira munthu, ndipo munthuyo amapezeka pamene wagwira nsambo ndi dzanja lina, milomo n'kukhudza maikolofoni yolumikizidwa ku makina ena.

Izi zinapha anthu odziwika. Leslie Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafa pa siteji ku Swansea mu 1972 atakhudza maikolofoni. Keith Relf wa gulu la Yardbirds anafa kunyumba kwake mu 1976 akuimba gitala yamagetsi. Amenewo anali ku Britain, kumene mapulagi ndi masoketi ankagulika pa sitolo iliyonse. Kwathu kuno zinthu zinali zosokonekera kwambiri. Makoma athu ali ndi masoketi a mano atatu a makona anayi, a ku Britain. Zida za ku Joni zinkabwera ndi mano ozungulira, za ku America ndi ku Japan zinkabwera ndi mano awiri okha. Munthu ankangodula pulagi, kusenda mawaya awiri, kuwalowetsa m'soketi n'kukhomerera timitengo ta machesi. Waya wachitatu ankangolendewera. Mitundu ya mawaya nayo inali itangosintha cha m'ma 1970: kale wofiira unali wa moto, wakuda wobwerera, wobiriwira wa ethi, pamene zatsopano zinkabwera ndi wa khofi, wa buluu, ndi wobiriwira wa mizere yachikasu. Ndinatsegulapo mapulagi amene waya wa ethi anaikidwa pa dzino la moto.

Oimba ankazolowera kulumidwa pa milomo. Ena ankaveka maikolofoni sokosi n'kumati vuto latha. Usiku wina pa holo ina, woimba wa gulu limene ndinkalithandiza anagwira chitsulo choimikapo maikolofoni gitala ili m'manja, ndipo manja ake anafumbata osatheka kumasuka. Woimba ng'oma anali ndi nzeru: sanamugwire, anathamanga n'kukazula waya pakhoma. Mnyamatayo anapulumuka, koma zala zake zinapsa mizere ya nsambo, ndipo anakhala nthawi yaitali osaimba. Mmawa mwake titayeza soketi ya pa sitejiyo tinapeza kuti bowo la ethi silinalumikizidwe kulikonse.

Chimene chimandipweteka n'chakuti amisiri ena ankadula ethi dala. Ukalumikiza ampulifaya ya gitala ku makina a maikolofoni, zonse ziwiri zili ndi ethi koma pa masoketi osiyana, pamapangika mkombero wa waya, ndipo m'mkomberomo mumayenda timagetsi timene timamveka ngati kung'ung'uza kwa 50. Ukadula ethi ya chimodzi, mkombero waduka, phokoso latha, mwini bandi wakondwa. Koma moyo wa woimba wautsamiritsa pa ukonde woonda wa chingwe cha mawu cholumikiza makina awiriwo, chimene chimapondedwa usiku wonse ndipo chikhoza kuzuka nthawi iliyonse. Abwana anga ankakana ntchito imeneyo ngakhale munthu atawonjezera ndalama. "Mphwanga," anandiuza tsiku lina munthu wotero atatuluka mokwiya, "phokoso silinaphepo munthu." Njira yoyenera inali kutenga magetsi a zida zonse pa soketi imodzi, ndipo zikakanika, kuika kathiransifoma kakang'ono pa chingwe cha mawu kuti mawu awoloke koma mkombero uduke.

Kumene kunalibe ethi tinkapanga yathu. Tinkakhoma ndodo ya kopa kuseri kwa holo, pansi ponyowa, kuthira makala osinja ndi mchere m'dzenjemo, n'kuthirira madzi. M'chilimwe nthaka ikauma gwa, ndodo yotero imagwira mofooka, choncho ndinkayenda ndi chidebe kukathirira madzulo dansi isanayambe. Anthu ankandifunsa kuti ndabzala chiyani.

Mbali imene ndinkaikonda kwambiri pa ntchito yonse inali pakhomo pa ampulifaya, pamene chingwe chimalowera. Pali tizipangizo tochepa kwambiri, koma ampulifaya yabwino ndi yoipa zimasiyanira pamenepo. Madzi akada ku kasupe, mtsinje wonse umayenda wakuda: phokoso lolowa pa valavu yoyamba limakuzidwa ndi mavalavu onse otsatira, pomwe lolowa kumapeto silikuzidwa kwambiri. Valavu yoyambayo kawirikawiri inali ECC83, imene a ku America amaitchula 12AX7, ndipo yokha imakuza mawu maulendo makumi angapo. Zabwino zimene tinkazisunga mosamala zinali za Mullard. Pa maampulifaya a mtundu wa Fender, pa jeki pamakhala rezisita ya 1 megohm yopita ku ethi, ndi ina ya 68 kilohm yopita ku valavu. Jeki yakeyo ili ndi kachitsulo kamene kamatseka khomo ku ethi ukazula chingwe. Kachitsuloko kakachita dzimbiri, ampulifaya imalira popanda gitala, ndipo munthu wosadziwa angasinthe mavalavu onse pamene chofunika ndi kupala pang'ono.

Rezisita ya 68 ija ambiri sankadziwa ntchito yake, ndipo m'maampulifaya opangira kunyumba ankaisiya. Ntchito yake ndi kuletsa wailesi. Chingwe chachitali cha gitala chimatola mafunde a wailesi ngati mlongoti, ndipo valavu yoyamba imatha kuwasandutsa mawu. Madzulo, mafunde akutali akamamveka bwino, m'sipika munkatuluka zilankhulo zachilendo pansi pa nyimbo. Pa ukwati wina, oimba atapuma, m'sipika munatuluka nkhani za pa wailesi, momveka bwino, akutchula za Ngwazi. Inali nthawi imene munthu sankafuna kuoneka akuzimitsa mawu otero pagulu. Tonse tinangoima mpaka nkhanizo zitatha, kenako ndinafupikitsa chingwe n'kuwotcherera rezisita pa mwendo weniweni wa valavu.

Mavalavu amafunda ndi magetsi a mavolti 6.3, ndipo magetsi amenewa nawo ndi a 50, oyenda pafupi kwambiri ndi khomo lija. Mawaya ake awiri amayenera kupotedwa pamodzi zolimba n'kugonekedwa m'mbali mwa chitsulo, kutali ndi waya wa mawu. Ndikatsegula ampulifaya ndinkayamba kuyang'ana mapotedwe amenewo, ndipo ndinkadziwiratu ngati woipangayo anali munthu wosamala. Kenako ndinkagogoda valavu iliyonse ndi pensulo. Yokalamba imalira ngo m'sipika, ndipo yotero ikakhala pamwamba pa sipika yaikulu imayamba kulira yokha mluzu. Ma pickup otsika mtengo nawo ankachita chimodzimodzi, chifukwa waya wake ankakulungidwa molekerera n'kumanjenjemera ndi phokoso la m'holo. Amenewa tinkawaviika m'phula losungunuka, la kandulo losakaniza ndi la njuchi, m'kachitini koika m'madzi otentha, mpaka thovu litasiya kutuluka. Phula likatentha kwambiri pulasitiki imapindika, choncho inali ntchito yofuna kudekha.

Zonsezi ukazigonjetsa, pamatsala phokoso limodzi, la sssss, lofewa. Lina linkachokera ku marezisita akale a kaboni, amene amamwa chinyontho. Chiperoni chikagwa mu June ndi July, maampulifaya ankabwera akuthetheka, ndipo tinkasintha marezisita a pa valavu yoyamba. Koma lina silichoka. John Johnson ndi Harry Nyquist a ku Bell Labs anafotokoza mu 1928 kuti rezisita iliyonse, ngakhale yabwino chotani, imatulutsa phokoso chifukwa cha kutentha kokha, ndipo rezisita ikakula phokosolo limakulanso. Abwana anga sankadziwa mayina amenewo, ndinadzawawerenga ndekha m'buku pambuyo pake, koma ankadziwa poimira. Akamva sssss yekhayekha ankatseka chivundikiro n'kunena kuti yachira.

Kumidzi zinthu zinali zina. Magulu a kumeneko ankaimbira batire la galimoto, ndipo ampulifaya yawo inali wailesi ya kaseti imene tinkaiboola n'kuiika jeki. Ena ankadzipangira okha pickup pomasula koyilo ya m'chomvera cha telefoni yakale. Mawu ake anali ochepa ndi osweka, koma kung'ung'uza kunalibe ngakhale pang'ono, chifukwa magetsi a batire amayenda mbali imodzi ndipo pafupi panalibe waya wa magetsi. Anyamata amenewa akabwera kudzaimba m'tauni ankadabwa kumva gitala yawo yomweyo ikulira yokha, n'kumaganiza kuti yawonongeka pa basi. Kumene kunali jenereta, kung'ung'uza kunkayendayenda. Jenereta ikalemedwa imatsika liwiro, phokoso n'kutsika nalo, ndipo ine ndinkadziwa kuti mafuta akutha pomvera sipika, magetsi asanayambe kuphethira.

Maampulifaya a thiranzisita atachuluka m'zaka za m'ma 1980, ntchito ya mavalavu inachepa, ndipo mavolti 400 aja anachoka m'manja mwathu. Kung'ung'uza kwa pickup sikunachoke, poti koyilo ndi yomweyo ndipo magetsi akadali a 50. Kunangobwera maphokoso atsopano. Mafoni a m'manja atafika, masipika a m'matchalitchi anayamba kulira dididi-dididi foni isanaitane, chifukwa foni ya GSM imatumiza mafunde ake modukizadukiza maulendo 217 pa sekondi, ndipo khomo la ampulifaya limawasandutsa mawu monga linkachitira ndi wailesi kale. Matchaja otsika mtengo, mababu a LED ndi mainiveta a sola amatulutsa phokoso lokalipa kuposa getsi la chubu.

Anyamata a kwaya ndi a mabandi a m'tchalitchi amabwerabe kunyumba kwanga ndi zida zawo, ngakhale maso anga sakuonanso bwino timiyendo ta tizipangizo ta masiku ano. Posachedwapa anabwera ena a tchalitchi cha kumudzi chimene chinaika sola. Gitala yawo inkalira zzzz kuyambira tsiku limene anagula iniveta, ndipo anali atasintha kale zingwe ziwiri ndi pickup. "Agogo, tigule ampulifaya ina?" anafunsa wamkulu wawo. Ndinawauza azule gitala, atsitse voliyumu, andiuze chimene akumva. Iniveta yawo inali ya mtundu wotsika mtengo umene umatulutsa magetsi a makonamakona m'malo mwa osalala. Titatsegula ampulifayayo tinapeza kuti m'kati imayendera mavolti 12, choncho tinaiika fyuzi ndi mawaya awiri opita ku batire mwachindunji, iniveta n'kutsalira mababu okha. Asanapite ndinatsegula mapulagi a mikisa ndi kiyibodi yawo. Pa mikisa waya wa ethi anali wodulidwa ndi kukulungidwa tepi, ndipo sindinawalole kunyamula mpaka titamubwezera pa dzino lake.